Propolis amene ndimakanda m'ming'oma yanga

Masiku ano anthu obwera kudzagula uchi kwathu kuno ku Nkhata Bay salekera pa uchi. Amafunsanso za propolis, chifukwa pa WhatsApp anamva kuti amachiza shuga, BP ngakhale khansa. Ine ndimakhala naye ndithu, koma zimenezo sindiwalonjeza.

Njuchi zimatenga utomoni pamakungwa ndi pansonga za mitengo, n'kuusakaniza ndi phula ndiponso malovu awo, ndipo chimene chimatulukapo ndiye propolis. Ndi ameneyu zimamata ming'alu ya mng'oma ndi kuchepetsa khomo. Mbewa ikafera mkati, poti sizingathe kuitulutsa, zimaikuta yonse ndi propolis ndipo siwola. Ndinaipezapo ina youma gwa, yopanda fungo lililonse. Pafupifupi theka la propolis ndi utomoni, kwinako phula, mafuta onunkhira ndi mungu pang'ono. N'chifukwa chake amasiyana malinga ndi mitengo ya m'deralo. Wa ku Brazil wotchuka uja ndi wobiriwira, wanga wa m'nkhalango ya miombo ndi woderapo, pena wakuda bii.

Ndimamukanda ndi mpeni m'mamawa kukadali kozizira, pamene amathetheka mosavuta. Mukadikira dzuwa la Okutobala amanata m'zala, ndipo sopo sachotsa. Ndikachotsa zinyalala ndimamuviika mu spiriti womweka m'botolo lakuda kwa masabata angapo, kenako n'kusefa. Methylated spirit ayi ndithu, uja ndi poizoni.

Nanga amathandiza pati? Amalimbana ndi mabakiteriya ena, ndipo ofufuza aona kuti amathandizako pa zilonda za m'kamwa, nkhama zotupa, timatuza ta pamlomo ndi timabala ting'onoting'ono. Ine pakhosi pakamakanda ndimadontheza madontho ochepa m'madzi ofunda n'kuchukucha. Amawawa, musanamizidwe, ndipo amasiya chikasu pamano kwa kanthawi.

Vuto lake lalikulu ndi ziwengo. Ngakhale alimi a njuchi ena amatuluka zidzolo m'manja chifukwa chomugwiragwira. Choncho yambani mwapaka kadontho pamkono, mudikire mpaka mawa lake. Pakafiira kapena kuyabwa, musiyeni. Milomo ikatupa kapena mpweya ukayamba kubanika, thamangirani kuchipatala. Amene ali ndi mphumu, amene amatupa kwambiri njuchi ikawaluma, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ndimawakaniza. Ana aang'ono sindiwapatsa, ndipo khanda losakwana chaka ngakhale uchi weniweniwo silifunika kulawa. Propolis amathanso kuchedwetsa magazi kuundana, ndiye amene akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, afunse kaye adokotala, ndipo amene akudikira opaleshoni amusiye masabata awiri tsikulo lisanafike.

Bambo wina anafuna mabotolo angapo, akuti asiye ma ARV chifukwa atopa nawo. Ndinati, "Bambo, uchi tengani, koma awa sindikugulitsani." Anachoka atakwiya, ndipo ngakhale uchiwo sanagule.