Tochi yanga ndi Leonardo da Vinci

Popeza alamu anga ayamba kale kuifalitsa pa WhatsApp nkhani ya zimene ndinachita ndi tochi ku London atathira mchere wawo, imveni kwa mwini wake. Sanandimange. Ndipo sindinakhudze kalikonse.

Kachipinda kamene tinalowa ku National Gallery, nyumba yoonetseramo zojambula ku London, n'kamdima. Mwana wokulira ku Ndirande akalowa mumdima sayamba wafunsa, dzanja limapita lokha m'thumba. Ndinangoti, "Aa, kunonso azimitsa?" n'kuyatsa tochi ya foni kuti ndithandize anthu.

Kuwala konse kunakatera pa chojambula cha Leonardo da Vinci, cha makala ndi choko choyera, pa mapepala 8 omatikizana, chazaka zoposa 500. Maria wakhala pamiyendo pa amayi ake Anna, wafungatira Yesu, Yohane ali pambali. Nkhope zake mpaka kufuna kuzipatsa moni. Koma dzanja la Anna loloza kumwamba ndi mizere yokhayokha, m'kati mulibe kanthu. Ine mphunzitsi wakale, choko chinandidya zala, ndinaimika tochi pa chalacho, n'kusendera, n'kunena mokweza kuti, "Alamu, ntchito iyi sanamalize." Chala chikuloza kumwamba, tochi ikuloza chala, maso onse akuloza ine. Zii. Mayi wina anagwira pakamwa. Alamu anga anali atasanduka mlendo, akuwerenga mwachidwi chikwangwani cha potulukira.

Mlonda anandiuza mwaulemu kuti mdimawo ndi wadala, kuwala kumawononga pepala. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mu 1987 munthu wina anachiwombera ndi mfuti chojambula chomwechi. Ndiye ganizani mmene ndinapisira dzanja m'jekete mwaliwiro muja.

Koma za kusamaliza ndinanena zoona. Pepala ngati ili linali lokonzekera chabe. Akatswiri a ku Italy ankaboola timabowo motsatira mizere, n'kugogodapo kansanza kokulunga fumbi la makala, mizere n'kudutsira pathabwa kapena pakhoma, kenako penti. Ili lilibe timabowo, silinafike n'komwe pamenepo. Leonardo anasiyira ntchito panjira, anthu akuima mwaulemu mumdima kuigomera. Ine nyumba ya ku Chileka ndinaisiyira pa windo levulo, achibale sandipumitsa.

Pofuna kuzimitsa tochi ndinadina kamera, fulashi n'kuthwanima. Apo ndiye alamu anatuluka.

Chipisi cha masana aliyense analipira chake.