Lachitatu ku Valencia: zaka amachita kukhala nazo

Lero m'mawa ndinapita ndi mwana kuchipatala chaching'ono cha m'dera lathu kuno ku Valencia, mzinda wa ku Spain, poti wakhala akutsokomola masiku atatu. Namwino anandifunsa zaka za mwanayo m'Chisipanishi kuti, "¿Cuántos años tiene?" Mutu wanga unathamangira ku Chingerezi monga mwa chizolowezi, ndipo ndinayankha kuti "Es cuatro." Mayiwo anandikonza mofatsa, akulemba pakhadi: "Tiene cuatro años."

Ndili m'basi pobwerera, mawuwo ankangozungulira m'mutu. "Tiene" ndiye kuti "ali ndi". Ali ndi zaka 4! Si mmene timanenera kwathu kodi? Miyezi yonseyi ndakhala ndikuyamba ndaika mawu m'Chingerezi kenako n'kuwatembenuzira m'Chisipanishi, osadziwa kuti ndikulambalala njira yachidule.

Nditafika kunyumba ndinatenga kope langa n'kuyamba kuyesa. "Tengo hambre", ndili ndi njala. "Tengo sed", ndili ndi ludzu. "Tengo miedo", ndili ndi mantha. Zonse zikungogwirizana ndendende. Mtima unachita kuti myaa.

Madzulo ndinakagogoda kwa agogo a nyumba yoyandikana nafe kuti andimvetsere. Iwowa ndimawatchula "usted", yemwe ali ngati "inu" wathu, pomwe "tú" ndi "iwe". Ambiri kuno amangoti "tú" ngakhale kwa akuluakulu, koma ine pakamwa sipalola. Anaona kuti m'kope ndalemba "anos" popanda kamzere kokhota pamwamba pa n, ndipo anandilanda cholembera msangamsanga n'kukaikapo. Akuti popanda kamzereko mawuwo amatchula malo obisika a thupi, osati zaka. Chilembo cha ñ chimamveka ngati "ny" wa mu nyama kapena nyumba, choncho kutchula sikundivuta, vuto ndi kukumbukira polemba.

Manambala ndiye akundisautsabe. Kuyambira 21 mpaka 29 amalemba mawu amodzi, monga "veinticinco", koma ukafika pa 31 amawagawa, "treinta y uno". Zaka zanga ndi 34, "treinta y cuatro años", ndipo agogo anandibwerezetsa kasanu.

Potsanzikana anati "Hasta mañana." Mawu akuti "mañana" amatanthauza mawa, amatanthauzanso m'mawa. Ndinawauza kuti nafenso mawu awiriwa amafanana, ndipo anayesa kutchula "mawa" mpaka anakhoza.

Mwana wamwa mankhwala ake. Pano akupukuta m'maso, akuti "Amayi, tengo sueño." Ali ndi tulo, ndikamugoneke.