Cheza cha nyukiliya: mlingo wa wantchito umakonzedwa iye asanalowe

Pa maphunziro anga a chitetezo ku cheza, mutu umene wandikhala m'maganizo ndi wa anthu ogwira ntchito m'malo opangira magetsi a nyukiliya. Manambala ake ndi osavuta kuloweza. Mu 1990 bungwe la ICRP, lopereka malangizo a chitetezo ku cheza padziko lonse, linati wantchito asapitirire 20 mSv (millisievert, muyeso wa mlingo wa cheza chimene thupi lalandira) pa chaka, powerengera zaka zisanu pamodzi, ndipo pasakhale chaka chodutsa 50 mSv. Kuti tione kukula kwake, cheza chimene tonsefe timalandira kuchokera m'nthaka, m'miyala ndi mumlengalenga chimakwana pafupifupi 2.4 mSv pa chaka. Koma kukhala pansi pa malire sikokwanira. Mfundo ya ALARA imati mlingo uzitsitsidwabe mpaka pamene nzeru ndi chuma zingafikire, chifukwa akatswiri amatenga kuti cheza chilichonse chowonjezera, ngakhale chochepa, chimakweza pang'ono chiopsezo cha khansa.

Njira zitatu zoyambirira zodzitetezera aliyense amazidziwa: usachedwe pamalopo, khala patali, ika chotchinga cha mtovu, konkire kapena madzi. Ukatalikira kawiri kuchokera pa kanthu kakang'ono kotulutsa cheza, mlingo umatsika kanayi. Izi zimabwera pa mayeso ndipo n'zoona.

Chimene chandiphunzitsa zambiri ndi funso lakuti cheza chimene amalandira antchitowo chimachokera kuti. Reactor, chipangizo chimene uranium amatulutsiramo kutentha, ikamayenda, anthu ochepa okha amafika pafupi nayo. Mlingo waukulu umabwera akaizimitsa, pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, kuti asinthe mafuta a uranium ndi kukonza zowonongeka. Pamenepo amalowa owotcherera, omanga makwerero, ochotsa zofunditsa mapaipi, ndipo chimene chimawawalira kwambiri ndi mapaipi enieniwo. Mavalavu ambiri akale anawakuta ndi chitsulo cholimba chotchedwa Stellite, chimene chili ndi cobalt wambiri. Chikamaperepeseka, tizidutswa timatengedwa ndi madzi kulowa mkati mwa reactor, timawombedwa ndi ma neutron, tizinthu totuluka mu uranium akamasweka, n'kusanduka cobalt-60 wotulutsa cheza, kenaka timakamatira m'makoma a mapaipi ngati mwaye wa kukhitchini. Cobalt-60 amatenga zaka 5.27 kuti mphamvu yake itsike ndi theka. Ndiye kuti mlingo wa wowotcherera wa lero unakonzedwa kalekale ndi injiniya amene anasankha chitsulocho, ndiponso ndi wosamala madzi amene mwina sanakumanepo naye. N'chifukwa chake malo ambiri anasintha mavalavuwa, ena amathira zinc pang'ono m'madzi kuti cobalt asamamatire, ndipo pozimitsa amathira hydrogen peroxide kuti zotsalirazo zisungunuke n'kugwidwa ndi zosefera munthu asanatsegule kalikonse.

Ntchito ya mu steam generator, chithanki chimene kutentha kochokera mu reactor kumasandutsiramo madzi kukhala nthunzi, ndi imene ndinaiwerenga mobwereza. Pansi pake pali kachipinda kopanikiza kolowera pa chibowo chongokwana mapewa, ndipo cheza chake n'chambiri moti nthawi ya munthu mkatimo amaiwerenga m'masekondi ndi timphindi. Asanalowe amayeserera pa chofanizira chake chopanda cheza, atavala zonse, chophimba kumutu ndi magolovesi awiriawiri, mpaka manja atadziwa okha pamene pali bawuti iliyonse. Tsiku lenileni, mnzake amaima panja ndi wotchi, ndipo kachida ka pachifuwa kamalira mlingo ukafika pamene anagwirizana. Masiku ano maloboti ndi amene amayeza timachubu ta mkatimo, anthu n'kumaonera pa sikirini ali patali. Ku Koeberg, kufupi ndi Cape Town, kumene magetsi a nyukiliya anayamba mu 1984, anasintha ma steam generator a reactor yoyamba mu 2023, ndipo ntchito yotere imadya nthawi yaitali yokonzekera kuposa yodula ndi kuwotcherera.

Pali chinthu chimodzi chimene sindigwirizana nacho ngakhale chili chololedwa. Tiyerekeze kuti ntchito ina ipereka 40 mSv. Ukaigawira anthu khumi, aliyense atenga 4 mSv, mapepala onse akhala oyera, koma cheza chimene chalowa m'matupi a anthu ndi chomwecho, mwinanso chaposa chifukwa aliyense amataya nthawi polowa ndi potuluka. Kugawana kuli ndi malo ake, kumateteza munthu mmodzi kuti asasenze zonse, koma sikuchepetsa kalikonse. Ndiye pamafunika kuyang'ananso mlingo wa gulu lonse, umene amauyeza mu person-sievert. Kuyambira 1992 pali dongosolo la ISOE limene malo a nyukiliya a mayiko osiyanasiyana amafananitsira manambalawa, ntchito ndi ntchito, kuti amene akuchita bwino aphunzitse anzawo.

Ndipo amene amasenza gawo lalikulu la mlingowu nthawi ya kukonza ndi antchito a kontirakiti, oyenda malo ndi malo. Iwowa ndi amene ndimawaganizira kwambiri. Munthu akagwira miyezi iwiri kuno, itatu uko, mbiri ya mlingo wake iyenera kumutsatira, apo ayi malire a 20 mSv angokhala a pa pepala. Baji ya pachifuwa yoyeza mlingo nayonso siona zonse. Pa ngozi ya nyukiliya ya ku Fukushima, ku Japan, mu 2011 malire a nthawi ya ngozi anawakweza kufika 250 mSv, antchito asanu ndi mmodzi anadutsabe pamenepo, ndipo gawo lalikulu la mlingo wawo linachokera ku iodine-131 wotulutsa cheza amene anapuma, cheza cha mkati mwa thupi chimene chimafuna kuyeza chithokomiro.

Kuno ku Malawi tilibe reactor, koma tili ndi mgodi wa uranium ku Kayelekera m'boma la Karonga, tili ndi ojambula X-ray m'zipatala, komanso lamulo la Atomic Energy Act la 2011 limene linakhazikitsa bungwe la AERA, loyang'anira ntchito za cheza m'dziko muno. Pakali pano ndikuphunzira kulemba chilolezo cha ntchito ya pamalo a cheza. Chimafuna kuti ndilembe mlingo woyembekezeka pa gawo lililonse la ntchito, malo ocheperako cheza odikirirapo, ndi mlingo umene ukakwana ntchito iyime, ngakhale itatsala pang'ono kutha.