Tinayenda Joni, Pretoria mpaka ku Durban kusaka sukulu ya fashoni yoti thumba la telala lingakwanitse

Ine ndine telala, ndipo ndiulule kuti tsiku limene mwana wanga wamkazi, chisamba changa, anandiuza kuti akamaliza matric, kalasi yomaliza ya sekondale kuno, akufuna akaphunzire za fashoni ku yunivesite ndinaseka mpaka tiyi kunditsamwa. Ndinati iwe, zaka zonsezi ukundiona ndikupalasa makina pano, ndiye ndikapereke ma rand ankhaninkhani kuti munthu wina akakuphunzitse kusoka, bwanji osangokoka mpando apa ndikuonetse ulele? Ine utelala ndinaphunzirira pakhonde la sitolo ku Limbe, pa Singer yakuda yopalasa ndi mapazi ija, ndipo mpaka lero palibe kasitomala anandifunsapo satifiketi. Iye anangoti "adadi, inu mumasoka zimene makasitomala abwera nazo pa foni, ine ndikufuna ndizipanga zimene iwowo azijambulazo." Zinandilasa ndithu, koma amayi ake anali mbali yake ndiye mukudziwa kale mmene milandu yotereyi imathera pakhomo.

Timakhala ku Mayfair kuno ku Joni, kashopu kanga kali chakufupi ndi Oriental Plaza ku Fordsburg, ndipo mwanayu sukulu yake yonse ya sekondale waphunzira konkuno. Ndiye pa holide ya mwezi wa July, kukuzizira koopsa, tinagwirizana kuti tinyamuke awiriwiri tikaone tokha masukuluwo, pajatu pa intaneti sukulu iliyonse imaoneka ngati kumwamba, kapinga wobiriwira ana akumwetulira, osakuuzani kuti chipinda chogona chili kuti ndipo ndi ndalama zingati.

Poyamba mtima wake unali pa masukulu apulayiveti. Ankangonditchulira Thebe Magugu, mnyamata wa ku Kimberley amene anawina LVMH Prize, mphoto yaikulu ya zafashoni, mu 2019, akuti anaphunzira ku LISOF, sukulu yapulayiveti ya fashoni imene pano ili pansi pa koleji ya STADIO, Rich Mnisi nayenso konko. Ndinamuuza kuti ndasangalala nawo anyamatawo koma fizi ya pulayiveti ine ndingasoke mathalauza mpaka msana kupindika osaifika. Mwamwayi kasitomala wina amene amabweretsa masuti kudzachepetsa anandinong'oneza dzina la Laduma Ngxokolo, mwini wake wa MaXhosa, majuzi okwera mtengo aja, kuti iyeyo anaphunzira pa yunivesite ya boma ya Nelson Mandela ku Port Elizabeth, kumene pano akuti Gqeberha. Ndinabwera nalo dzinalo kunyumba ngati ndatola ndalama pamsewu. Kuyambira pamenepo tinati tiyang'ane za boma zokhazokha basi.

Apa ndiimepo pang'ono chifukwa ndi pamene Amalawi anzanga ambiri timasokonezeka. NSFAS, thandizo la boma limene limalipirira ana osauka kuno, si lathu ife okhala pa ma permit, musadzinamize. Koma pali kanthu kena kotikomera kamene ine ndinakadziwa mochedwa: mu 1997 maiko a SADC anasainirana pangano la zamaphunziro, ndipo anasainira kwathu ku Blantyre konko, loti mwana wochokera m'dziko la SADC azitengedwa ngati mwana wa pakhomo pa nkhani ya fizi. Ndiye mwana wa Mmalawi fizi ya maphunziro imakhala ngati ya mwana wa kuno, osati ngati wochokera ku Nigeria kapena ku Ulaya. Koma musathamangire kuvina, pamwamba pake pamabwera ka ndalama kena ka ophunzira akunja, pamabweranso medical aid, inshuwalansi ya chipatala, yoti ikhale yolembetsedwa konkuno apo ayi study visa satulutsa, ndipo visa yakeyo imalembedwa dzina la sukulu imodzi, simungangosamuka nayo mmene mwafunira. Chinanso n'choti ana akunja kawirikawiri amafuna alipiretu gawo lalikulu asanalembetse, pamene anzawo a kuno amapereka pang'onopang'ono. Ineyo chimenechi ndi chimene chimandisowetsa tulo kuposa fizi yeniyeniyo, January ndi mwezi woti telala amakhala atauma, anthu asoketsa za Khirisimasi ndalama zatha.

Tsiku loyamba sitinapite patali, tinangokwera kupita ku Auckland Park, ku University of Johannesburg, kampasi ya Bunting Road kumene kuli FADA, nyumba ya zaluso ndi zojambula. Zaka zonsezi ndimadutsa chapafupi pomwepo, nsanja ya ku Brixton ija ndimaiona tsiku lililonse ndikatuluka pakhomo, koma sindinkadziwa kuti kuseri kwake kuli ana akuphunzira ntchito yanga yomwe. UJ inayamba mu 2005 ataphatikiza masukulu akale a Rand Afrikaans University ndi Technikon Witwatersrand ndi makampasi ena a yunivesite ya Vista, ndipo za fashonizi zili pawiri, pali digiri ya Fashion Design komanso dipuloma ya Fashion Production, zonse zaka zitatu. Mwana wanga maso anali pa digiri, ine maso anali pa dipuloma, chifukwa digiriyo ndi ya wojambula masitayilo pamene dipulomayo ndi ya munthu wodziwa mmene chovala chimapangidwira pa fakitale kuchokera pa patani mpaka kukafika m'sitolo, ndipo kwa ine ntchito imapezeka msanga kumeneko.

Panja tinakumana ndi mtsikana wina wa chaka chachiwiri atanyamula chikwama chachikulu chophwatalala ndi mpukutu wa pepala la khaki kukhwapa. Mwana wanga anamuimitsa n'kuyamba kucheza naye m'Chizulu chawo chothamanga chija, ine ndikungotola apa ndi apo. Anatitsegulira chikwamacho. Abale, munali mapatani a makatoni, la kutsogolo, la kumbuyo, la mkono, lililonse lili ndi timabowo ndi timizere, n'kutionetsa mmene patani imodzi amaikulitsira kuchoka pa saizi yaing'ono kufika yaikulu popanda kuyezanso munthu, ndipo akuti zomwezo amazichitanso pa kompyuta. Ine zaka zoposa makumi awiri ndimayeza munthu ndi tepi, kulemba ndi choko pansalu pomwepo n'kudula ndi diso, ndipo sindiphonya, koma mutandiuza kuti ndisokere anthu 500 amene sindinawaonepo diresi imodzimodzi masaizi osiyana ndikhoza kungokhala pansi. Ndinangoti zii. Mwana wanga anandiyang'ana cham'mbali osanena kanthu, amadziwa kuti bambo ake agonja.

Ndinamufunsa mtsikanayo chimene chimamudyera ndalama kwambiri, ndimaganiza anena fizi. Anati ayi baba, nsalu. Chovala chilichonse amayamba achisoka pa kaliko kuti aone ngati chikukhala bwino, chikalakwika kugulanso, kenako nsalu yeniyeni, ulusi, mazipi, mabatani, mapepala, utoto wojambulira, kusindikiza, ndipo chaka chomaliza pamafunika zovala zingapo za chionetsero zonse za m'thumba mwako. Zimenezi pa pepala la fizi simuzipeza. Apa mtima wanga unakhalako pansi, ndinati nsalu ndiye ayi sizingativute, ogulitsa a ku Fordsburg ndi m'tauni amandidziwa ena amandipatsa pangongole, zidutswa ndili nazo matumba awiri pansi pa tebulo, ovaloko ilipo, simbi ilipo.

Mawa lake Pretoria. Tinakwera Gautrain, sitima yothamanga ija, pa Park Station, mwana anakakamira kuti adadi kamodzi kokha, ndipo inde ndi yabwino, mphindi zosakwana 40 tafika, koma mtengo wake nditauchulukitsa ndi masiku a sukulu a mwezi wathunthu ndinaona kuti imeneyi si sitima ya mwana wa telala. Tshwane University of Technology ili ndi kampasi yakeyake ya zaluso m'tauni momwemo, oimba, ovina, azisudzo, ojambula ndi a fashoni onse pamodzi, ndiye ngakhale pa holide pageti pamaoneka ana a tsitsi lobiriwira ena atavala zinthu zoti kwathu ku Thyolo agogo angaitanitse mapemphero. Mwana wanga anakukonda. Vuto linali pogona. Pretoria ndi pafupi moti kulipira lendi kumawawa, komanso ndi patali moti kuyenda tsiku ndi tsiku pa taxi ndi mapatani kukhwapa, kubwerera usiku, ayi. Bambo wina anatitengera kukaona chipinda pa flat ina chakufupi, tinakwera masitepe mpaka mwendo kuwawa chifukwa lift inali yakufa, kufika m'chipindamo anachidula pakati ndi katani kuti mugone ana awiri, ndiye akufuna dipoziti lero lomwe akuti mawa chikhala chitapita. Ndinamuuza kuti chipite. Tinadya chips pa Church Square n'kubwerera pa taxi.

Ulendo weniweni unali wa ku Durban, makilomita pafupifupi 570 pa msewu wa N3. Tinakwera basi ya usiku kuti tisalipire pogona, amayi ake atatimangira nkhuku yokazinga ndi mandasi ngati tikupita kumudzi. Kuzizira kwa ku Free State usiku musakuyerekeze, titaima ku Harrismith ndinatsika kukafuna tiyi zala zinakana kugwira kapu, ndipo potsika phiri la Van Reenen kunali chifunga choti dalaivala ankangokwawa pambuyo pa mathiraki, tinachedwa pafupifupi maola awiri. Mwana anagona paphewa panga njira yonse, ine maso gwa ndikuwerengetsa ndalama m'mutu. Kutacha tinadutsa Pietermaritzburg, kenako kutsetsereka, mapiri obiriwira, nthochi m'mbali mwa nyumba za anthu, mpweya wofunda, ndinavula jekete n'kumva ngati ndatsikira ku Nkhata Bay.

Anatilandira mlamu wanga, mchimwene wawo wa mayi a kunyumba, amene wakhala ku Durban zaka zambiri. Za fashoni za Durban University of Technology sizili pa kampasi yaikulu, zili pazokha ku Brickfield, dera la Overport, msewu umene pano ukutchedwa Felix Dlamini. Malo ake saoneka ngati yunivesite ya pa TV, amaoneka ngati malo antchito, ndipo ine ndi chimene chinandisangalatsa. Sukuluyi inachokera ku ML Sultan Technikon ndi Technikon Natal zimene anaziphatikiza mu 2002, ndiye mwambo wa ntchito zamanja ndi wakale pamenepo. Chimene muyenera kudziwa n'choti masukulu a ku KwaZulu-Natal simufunsira malo mwachindunji, mumadzera ku CAO, ofesi yolandirira mafomu a masukulu onsewo, fomu imodzi, ndiye musamadikire kuti muchita ngati mmene mwachitira ku UJ.

Durban ndi tauni ya nsalu, izi ndiye ndinaziona ndi maso. Mlamu anatiyendetsa mu Grey Street, pano akuti Dr Yusuf Dadoo, sitolo ndi sitolo mipukutu mpaka kudenga, zonyezimira za maukwati a amwenye, nsalu ya shweshwe wa Three Cats wolimba ngati katoni ndi fungo lake lija, mpaka mwana wanga anaiwala kuti tabwerera sukulu. Likulu la Mr Price lili konko, mafakitale osoka aliponso ambiri m'chigawo chimenechi, ndiye mwana wophunzira kumeneko pokayesera ntchito sasowa kolowera. Tinadya bunny chow ya nyemba, buledi wobowola pakati n'kuthiramo ndiwo, tsabola wake ndinatuluka thukuta ngati ndikulima, kenako kunyanja, mwana kulowetsa mapazi m'madzi mwezi wa July pamene ku Joni anthu akuotha mbaula.

Usiku umenewo ndi pamene panali mkangano. Mlamu akuti alamu musiyeni mwana abwere, chipinda chilipo agona ndi azisuweni ake, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, inuyo simunachoke ku Limbe kodi? Ine ndikuti fodya wako ndi amene ali pamphuno alamu, ku Bunting Road mwana achokera pakhomo, adya nsima ya amayi ake, makina a bambo ake ali pomwepo usiku wonse, lendi ziro. Tinatenga pepala n'kulemba zonse, fizi, ya akunja ija, medical aid, thiransipoti, chakudya, nsalu, ndi matikiti a basi obwerera kunyumba pa holide. Fizi yokha masukulu atatuwa sanasiyane moti munthu n'kusankhira pamenepo, chimene chinasiyanitsa ndi denga ndi mbale. Ndipo ngakhale mlamu akuti chipinda ndi chaulere, tonse tikudziwa kuti mwana wa eni sungamusunge zaka zitatu bambo ake osatumiza kanthu, chibale chimatha ndi nkhani za shuga ndi magetsi zomwezi.

Cape Town sitinapiteko n'komwe ngakhale yunivesite ya kumeneko ya CPUT ili ndi fashoni ndipo masitolo akuluakulu a Woolworths, Truworths ndi Foschini malikulu awo ali kumeneko, lendi ya tauni imene ija ndinangoimva kwa anzanga n'kutseka nkhani.

Pobwerera tinakwera basi ya masana, ndiye mapiri a Drakensberg tinawaona bwinobwino chakumanzere, mwana akujambula makolala m'kabuku kake osandilankhula mpaka ku Harrismith. Kenako anangoti "adadi, ndilemba UJ poyamba, koma Durban ndilembanso, ndipo akandikana kuno musadzanene kuti ndalama palibe." Ndinavomera. Pa digiri ndi dipuloma sitinamvanebe, walemba zonse ziwiri, zitengera mapointi ake a APS, owerengedwa kuchokera ku magiredi a matric, zotsatira zikatuluka mu January komanso portfolio, pajatu kumeneku sangokutenga ndi magiredi okha amafuna aone zimene manja ako amatha.

Ndiye pano madzulo aliwonse akaweruka amabwera kushopu, watenga tebulo langa lodulira theka lonse, matumba a zidutswa aja wawakhuthula pansi akusankha za chitenje zimene ndinabwera nazo kuchokera kumudzi chaka chatha. Dzulo kasitomala wabwera kudzatenga thalauza lake wandipeza ndikudula katoni ya mafiriji ndi sizasi yakale, akuti a telala mwayamba ntchito yanji, ndinamuuza kuti ndikuyesa patani ya mkono, ndipo mwana akuti ndalakwitsa pakhwapa ndidulenso ina.