Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mkamwini wa ku Joni

Paja gawo lapitalo tinalekezera pomwe amalume anga ankapukuta thukuta pa sofa ya apongozi ku Soweto atamva mtengo wa lobola. Zinatha bwino, tinalipira mwapang'onopang'ono, ngakhale amalume mpaka lero amati anatibera masana dzuwa likuswa mtengo. Musawadabwe, ife a ku Dedza za malowolo sitinakule nazo. Kwathu ndi chikamwini, ankhoswe akapatsana nkhuku iwe umakamanga kanyumba kwa mkazi, apongozi nkukulozera munda, ukwati wayamba.

Za kuboma tinakalembetsa mu March 2013. Mlendo akamakwatira mzika ya South Africa amafuna kalata yochokera kwanu yonena kuti sunasiye mkazi wina kumudzi, ndiye achemwali anga anandiyendera ku maofesi kwathu nkuitumiza pa basi. Tsiku lakelo anatilowetsa zipinda zosiyana kuti aone ngati chikondi chathu sichongogula. Ine anandifunsa kuti mkazi wanga amagona mbali iti ya bedi komanso tinadya chani dzulo lake. Ndinayankha kuti kukhoma, ndipo tinadya pap, nsima ya kumeneko, ndi chiwindi. Madam kwawoko anati kukhoma, pap ndi chiwindi chopserera chifukwa anaphika ndi iyeyo. Tinakhoza. Setifiketi ija ndinapita nayo pa shopu ina nkukaimata pulasitiki kuti isanyowe, ndipo ndinkaisunga ngati Baibulo.

Ndisanapitirize ndinene kaye mmene ndinkakhalira ndisanakwatire, chifukwa enanu mumaganiza kuti ku Joni munthu ukangowoloka ndiye wafika. Pasipoti ya Malawi amaidindira masiku 30 okha, ndipo ndi masiku ocheza, osati ogwira ntchito. Ine chilowereni 2009 ndinkachita zomwe ambiri ankachita, mwezi ukamatha kupereka pasipoti ndi kenakake kwa munthu wina woyendayenda pa msewu wa ku boda, iye nkukabwera nayo ili ndi masiku atsopano. Sindikunyadira ayi, ndikungonena zomwe zinkachitika. Zinkandidyera ndalama komanso tulo, chifukwa pasipoti ikakhala m'manja mwa munthu wina sabata yonse mtima sukhala m'malo, ukangoona galimoto ya polisi miyendo imayamba yokha kufuna kukhota.

Ndiye nditagwira setifiketi ya ukwati ndinapuma mpweya wautali. Mkulu wina wa kumpingo, amene anabwera kuno kalekale, anandigwira dzanja nkunena kuti achimwene mwakwatira mzika, mavuto anu atha. Sindiwada, iwonso ankangonena zomwe anamva. Pasipoti ndinaiponya pansi pa sutikesi pamodzi ndi malaya osandikwana. Madam anandifunsapo kawiri konse kuti kodi baba, palibenso china choti tikalembetse? Ine, mwamuna wodziwa zonse, ndinati iwe zisiye izi, ndine mkamwini wa dziko lino tsopano, andithamangitse ndani.

Zoona zake ndi izi, ndipo ndinazidziwa madzi atafika kale m'khosi. Setifiketi ya ukwati si viza. Imangokutsegulira khomo loti ukapemphe viza. Pali ya wachibale, imene amakupatsa yosapitirira zaka ziwiri koma sakulola kugwira ntchito, ndiye palinso ina imene anthu amangoitchula kuti 11(6) potengera ndime ya lamulo lawo la 2002, imeneyo ndi ya mwamuna kapena mkazi wa mzika ndipo angathe kukulemberapo chilolezo cha ntchito, sukulu kapena bizinesi. Nthawi imeneyo ankafuna kalata ya kupolisi yoti ulibe milandu, ya dokotala, ekisire ya pachifuwa, ndi umboni woti mukukhaladi limodzi. Zokhala mpaka kalekale umapempha ukatha zaka 5 uli m'banja, ndipo ngakhale akupatse, banja likatha zaka ziwiri zisanakwane chilolezocho chimafa. Mu 2013 maviza awiri oyamba aja ndikanatha kupempha ndili konko osakwera basi. Ndinali ndi mkazi, ndinali ndi pepala, masiku anali adakalimo mu pasipoti. Chinandilepheretsa ndi matama basi.

Kenako pa 26 May 2014 malamulo anasintha. Kale munthu ukapyoza masiku umalipira faini nkumapitiriza moyo. Atsopanowa anachotsa faini, m'malo mwake amakutcha munthu wosafunika. Ukapyoza ndi masiku osapitirira 30 sulowanso kwa chaka chimodzi, ukapitirira masiku 30 ndi zaka 5. Anthu ankazikamba m'matakisi ndi kutchalitchi, ine nkumangogwedeza mutu mowamvera chisoni, osadziwa kuti akukamba za ine. Nthawi imeneyo nkuti mwana wathu wamkazi ali ndi miyezi 6, ine maganizo onse ali pa mkaka ndi matewera.

February 2015, Lachiwiri usiku, foni inalira. Achemwali anga sanalonjere nkomwe, anangoti achimwene, bambo atisiya. Mmawa kutacha ndinali pa siteji ya mabasi ya Park Station ndi kachikwama kamodzi. Madam ankafuna kutsagana nane koma mwana analibe pasipoti, ndiye tinagwirizana kuti ndipita ndekha, masabata awiri ndibwerako. Anandiikira buledi, nkhuku yokazinga ndi envulopu ya chipepeso yochokera kwa apongozi. Setifiketi ya pulasitiki ija ndinaiika m'thumba la mkati la jekete.

Tikuyandikira Musina mnyamata wina wa ku Mangochi amene ndinakhala naye mpando umodzi anandifunsa kuti bigi, masiku anu ali bwino? Ngati sali bwino nenani pano, pali njira zake. Ndinamuseka. Ndinamuuza kuti ine ndine wapabanja kuno aise, ndinamuonetsa mpaka mphete.

Pa boda ya Beitbridge tinafika cha m'ma 1 koloko usiku, kukutentha ngati masana. Mzere unali wautali, amayi ndi zikwama zamizeremizere zija, ana akulira. Itafika nthawi yanga ndinalowetsa pasipoti pansi pa galasi, ndipo pofuna kuonetsa kuti si ine munthu wamba ndinaikanso setifiketi pamwamba pake. Bambo wa pawindoyo anaisuntha pambali ndi chala chimodzi osaiyang'ana nkomwe. Anatsegula pasipoti, tsamba ndi tsamba, kenako anabwerera m'mbuyo, nkuyambanso. Anatenga cholembera nkumawerenga pa kapepala. Sanakalipe, ndipo mwina akanakalipa zikanandipepukira. Anangoti baba, masiku anu anatha mu April 2013. Ine ndinati eya koma ndinakwatira kuno, onani iyo. Apo ndiye anaitenga, anaiwerenga bwinobwino mpaka pansi, nkundibwezera ndi manja awiri. Anati ukwati wanu ndi weniweni, koma viza yake ili kuti?

Ndinalibe yankho. Ndinayamba kufotokoza za maliro, za mwana, chizungu chonse chinabalalika mpaka ndinapezeka ndikumuyankhula Chichewa munthu wa eni. Anandiuza kuti ndikhale pa benchi. Patapita mphindi zingapo anandipatsa pepala loti ndisaine, pali dzina langa, nambala ya pasipoti, ndi mawu aja oti undesirable, zaka 5. Anandiuzanso kuti ndili ndi ufulu wodandaula polemba kalata, koma panthawiyo m'makutu munkangolira ngati mwalowa njuchi. Nditabwerera m'basi mnyamata wa ku Mangochi uja anandiyang'ana kumaso, sananene kanthu, anangondipatsa botolo lake la madzi.

Zimbabwe yense ndinadutsa ngati mtembo. Masvingo, Harare, Nyamapanda, sindikukumbuka kuti ndinadya. Madam ndinawaimbira tili ku Tete, titawoloka mlatho wa pa Zambezi, nditabwereka foni ya mayi wina. Ndinayamba ndi kuzungulira, za msewu, za kutentha, iwo nkundidula kuti baba nenani chachitika. Nditanena panakhala zii. Ndinkayembekeza kuti anena kuti paja ndinakufunsani. Sananene, ndipo mpaka lero sananenepo, chimene chimandipweteka kuposa akanangonena. Anangofunsa kuti mwanayu adzakhala ndi zaka zingati pamenepo? Tinawerenga tonse, 6.

Ndipo maliro omwewo sindinawapeze. Ndinafika ataika dzulo lake, ndinangopeza za kumeta. Chimene chinandibaya kwambiri nchakuti bambo sanaikidwe m'mudzi mwathu. Munthu anakhala pamudzi pa mayi zaka zoposa 40, anamanga nyumba ya malata, anadzala mango onse amene tinakulira, ana a pamudzipo ankamutcha agogo, koma tsiku lomwalira abale ake anabwera ndi galimoto nkumutenga kukamuika kwawo, kutsidya la mtsinje. Palibe anakangana, ndi mmene zimakhalira. Ndinaima pa mtumbira paja ndi jekete yanga ya ku Joni, setifiketi idakali m'thumba, nkumaganiza kuti ndinkanyadira chani ponena kuti ndine mkamwini wa dziko. Ndinakulira m'chikamwini, ndinkadziwa bwino kuti mkamwini amakhala pamudzi chifukwa cha mkazi, ndipo eni mudzi akati nyamuka amanyamula bulangete lake. Kusiyana kwake nkoti bambo anga ankadziwa malo awo, ankalemekeza eni nthaka, ine ndinangolowa nkukhala pa mpando wa eni osaodira.

Mayi sindinawauze msanga. Masabata awiri atatha anayamba kufunsa kuti mwanawe, kuntchito sakudikira? Ndinkati ndawonjezera tchuthi. Mwezi utatha anandiitana kuseri kwa nkhokwe nkundifunsa monong'ona ngati banja latha. Nditawafotokozera anakhala chete, kenako anati ndiye boma la kumeneko lakulekanitsa ndi mkazi wako popanda ankhoswe? Ndinaseka koyamba chichokereni pa boda.

Mu April chaka chomwecho kunabuka zipolowe zothamangitsa alendo, zinayambira ku Durban, ndipo boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu. Ndinene mosabisa, zinandibisa manyazi. Anthu a pamudzi anangoganiza kuti nanenso ndikudikira kuti kuzizire, ine osawatsutsa. Koma usiku ndinkagona ndi foni pachifuwa, chifukwa mwana wanga ali ndi dzina la bambo lachimalawi ndipo aneba onse ankadziwa kuti nyumba ija ndi ya mlendo.

Anzanga a ku Joni malangizo awo anali amodzi, aise mwamuna ndi kabudula amathera moyenda, Limpopo ikaphwa ingowoloka, anthu akuwoloka tsiku ndi tsiku. Wina anati ndingotaya pasipoti ndikatenge ina, ngati kuti kompyuta imaiwala dzina ndi tsiku lobadwa. Sindinama, ndinaziganizira, mpaka ndalama ndinayamba kusunga. Anandiletsa ndi madam. Anati mukadutsa kumtsinje mudzakhala munthu wobisala moyo wanu wonse, akakugwirani ndi ku Lindela kotsekerako alendo oti abwezedwe kwawo, ndipo kalata yodandaula ija sidzamvekanso. Anati ine ndinakwatiwa masana anthu akuona, mwamuna wanga adzalowa pakhomo osati pawindo. Aka kanali koyamba kuwamvera pa nkhani ya mapepala.

Chinanso chimene ndinaphunzira nthawi imeneyo nchakuti ngakhale chiletso chitachotsedwa, malamulo a 2014 sankalola munthu wolowa ngati mlendo wocheza kusintha viza ali mkati mwa dziko, umayenera kupempha uli kwanu. Izi zinadzasintha mu June 2019 pomwe khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula, pa mlandu wa mayi wina wa ku Uganda, kuti kulekanitsa mabanja motero nkosemphana ndi malamulo. Kwa ine chigamulocho chinabwera mvula itakata kale, komabe ndinasangalala nacho.

Madam anaganiza zobwera pa Khirisimasi. Apanso mapepala. Kuyambira pa 1 June 2015 mwana sankatuluka mu South Africa popanda setifiketi yobadwira yaitali ija yolembedwa makolo onse awiri, ndipo ngati kholo limodzi palibe pamafunika kalata yolumbira yoti lavomera. Tangoganizani, ine munthu wosafunika m'dzikomo, koma siginecha yanga inkafunika kuti mwana atuluke. Ndinapita ku Lilongwe kukalumbira, nkutumiza kalatayo ndi kope ya pasipoti yomweyo yachiletsoyo.

Anafika pa 20 December masana, pa boda ya Dedza. Ndinali nditaima pamenepo kuyambira 6 koloko mmawa ndi kachidole m'manja. Mwana anali atatalika, akuyenda yekha, tsitsi lomangidwa timipira tiwiri. Ndinagwada nkutambasula manja. Anandiyang'ana, anayang'ana chidole, kenako anathawira kuseri kwa siketi ya mayi ake nkufunsa m'Chizulu kuti malume ameneyu ndi ndani. Madam anamuuza kuti ndi baba wa mu foni uja. Sanakhulupirire mpaka nditaimba kanyimbo komwe ndinkamuimbira pa WhatsApp, anthu onse a pa boda akundiyang'ana, osintha ndalama akuseka.

Tili mu minibasi yopita kumudzi, mwana atagona pamiyendo panga, madam anatulutsa pasipoti yawo nkunditsegulira tsamba lomwe anali atangodinda kumene. Analoza ndi chala nkunena kuti onani baba, andipatsa masiku 30. Kenako anatulutsa cholembera m'chikwama, nkulemba tsiku lothera padzanja lawo, ndi pa dzanja langanso.

Za kalata yodandaula ija, amene anatithandiza kuilemba ndi mmene yankho linabwerera, tidzakamba mu gawo 10.