Loweruka: 3NT ndi Queen ya diamond

Masana ano tinali ndi mpikisano wa matimu ku kalabu yathu ya masewera a makadi a bridge kuno ku Manchester, anayi anayi. Ine ndinakhala South, malume anga North ngati mnzanga wosewera naye, adani athu East ndi West. Ma board (magawo a makadi amene tinasewera) ambiri anangodutsa osatisautsa, koma limodzi lakhala likundizungulira m'mutu mpaka usiku uno.

Ndinatsegula 1NT ndi mapointi 15, malume anakweza mpaka 3NT, contract (lonjezo) yodya ma trick 9 popanda trump, tili vulnerable (pomwe mphotho ndi chilango zimakula). West anaponya King ya spade. Malume anayala makadi awo patebulo mwaulemu ngati akuyala ndiwo pamkeka, nati, "Zako izo, mphwanga."

Malume: ♠63 ♥K52 ♦AJ984 ♣K74
Ine: ♠A75 ♥A84 ♦K103 ♣A962

Ndisanakhudze khadi lililonse ndinayamba kuwerenga. Ma trick (maulendo amene aliyense amaponya khadi limodzi, lamphamvu n'kudya) oonekeratu analipo 7: Ace ya spade, ndiye Ace ndi King m'ma suit atatu enawo. Ofunika ndi 9. Awiri otsalawo anayenera kuchokera ku ma diamond, ndipo ngakhale Queen itadya kamodzi, ndikanapezabe anayi kumeneko. Vuto linali ma spade. Ife tinali nawo 5, adani 8, ndipo chotchinga changa chinali Ace yokhayo. West akakhala nawo asanu n'kulowanso m'masewera, adya ma spade anayi ndi Queen ija, contract yagwa.

Choncho ndinasiya King idye. Ndinasiyanso Queen. East anaponya 2 kenako 8, kusonyeza kuti ali nawo atatu. Pa Jack ndinatulutsa Ace, East naponya 9 yake yomaliza, ine ndikutaya club kwa malume. Apa East analibenso spade yoti am'bwezere mnzake.

Tsopano Queen ya diamond. Makadi ake ali choncho kuti finesse (kuyendetsa khadi locheperapo poyembekezera kuti Queen ili kwa mdani woyamba kuponya) ungaichite mbali iliyonse. Ukawerenga malo otsala pa makadi 13 a mdani aliyense, West wadzaza kale malo 5 ndi ma spade, amutsalira 8, pomwe East amutsalira 10. Kunena zoona, Queen inali ndi mpata waukulu wokhala kwa East, ndipo ndinadziwa zimenezi bwinobwino. Koma chimene ndinkafunsa si chakuti Queen ili kuti. Ndinkafunsa kuti ikadya, idye m'manja mwa yani. Kwa East ilibe mano. Kwa West ikupha contract.

Ndinaponya King, kuopera Queen yokhala yokha. Kenako 10, West anaponya kakang'ono, ndinaisiya iyende. East anaimirira pang'ono, nayika chala pa khadi, n'kudya ndi Queen. Anabweza heart. Ndinadya ndi Ace, 3 ya diamond kupita kwa malume, ma diamond atatu, King ya heart, Ace ndi King ya club. Ma trick 9, mapointi 600.

Titafananitsa ndi anzathu a tebulo lina, South wa timu ya adani kumeneko anatenga Ace ya diamond n'kuyendetsa Jack kudutsa kwa East, napeza ma trick 10, 630. Tinataya IMP imodzi (mapointi a mpikisano wa matimu). Malume anavula magalasi awo nafunsa, "Kodi sunaone kuti Queen ili kwa East?"

"Ndinaona, malume. Koma ikanakhala kwa West, iwowo akanagwa, 100 kwa anzathu, ife tili ndi 630 yathu. Kusiyana kwa 730 ndi ma IMP 12."

Sanayankhe msanga. Anatenga kapu yawo ya tiyi nati mu mpikisano wa ma pair, kumene trick imodzi yowonjezera imatha kukukweza pamwamba pa onse, iwo akanayesa njira inayo. Pamenepo ndikuvomereza, nkhani yake imasintha ndithu. Koma m'matimu sindingaike game ya vulnerable pachiswe chifukwa cha mapointi 30, ndipo ndinawauza choncho m'basi pobwerera. Amene anapeza 630 uja anasewera mwanzeru zake, anawerenga malo otsala monga ine, koma anayiwala kufunsa kuti mdani woopsa ndi uti.

Mpikisano wonse tinathera pachitatu. Sabata yamawa malume akufuna tiyese kusintha ma signal athu a count (osonyezana kuchuluka kwa makadi mu suit), akuti East wa lero anatiuza zambiri ndi 2 yake ija kuposa zimene anauza mnzake.