Turbo yafika, injini sinakonzeke

Lachinayi usiku. Nkhani ya mnyamata wa galimoto ya Toyota Altezza Gita ikukana kundichoka m'mutu. Walowa m'galaja atakumbatira katoni, m'katimo muli turbo yaikulu yogula ku Johannesburg. Akuti, "Madala, ingomangani iyi, ndikufuna 500 horsepower pofika Loweruka." Ndamufunsa za mainjekita, pampu ya petulo ndi kompyuta ya injini. Palibe n'chimodzi chomwe. Ndalama zonse zathera pa turbo.

Injini yake ndi 2JZ-GE ya VVT-i. Anthu akangomva 2JZ amaganiza za 2JZ-GTE, yobwera kale ndi turbo, ya mu Supra ndi Aristo. N'zoona kuti zonse ziwiri ndi za malita 3, masilinda 6, buloko lachitsulo, bore (kukula kwa silinda) ndi stroke (mtunda woyenda pisitoni) 86 mm. Koma m'mimbamo n'zosiyana. GTE ili ndi compression (kupanikiza kwa mpweya mu silinda) ya 8.5:1, gasiketi ya hedi yokhuthala 1.3 mm, ndiponso timipopi towaza oyilo kunsi kwa mapisitoni. Yakeyi ili pa 10.5:1, gasiketi yopyapyala, ma con rod (zitsulo zolumikiza mapisitoni ku crankshaft) owonda. Ukaipatsa boost (mphamvu ya mpweya wokankhidwa ndi turbo) yopitirira 0.5 bar popanda kusintha kanthu, petulo amaphulika nthawi isanakwane. Kumamveka ngati timiyala m'chitini, kenako mphepete mwa pisitoni pakati pa maringi mwasweka.

"Mphwanga," ndinatero, "yamba ndi pansi." Mapisitoni a forged otsitsa compression kufika cha m'ma 8.5 kapena 9, ma rod olimba, ma stud a ARP m'malo mwa mabawuti a hedi, gasiketi yachitsulo ya MLS. Hedi ndi buloko ziyezedwe ngati zili zosalala, chifukwa MLS sikhululuka pokhota.

Pa maringi m'pamene mtima wanga umawawa kwambiri, poti ambiri amangowachotsa m'paketi n'kuveka. Ringi iliyonse imalowetsedwa yokha mu silinda yake, n'kuikankha ndi pisitoni kuti ikhale mowongoka, n'kuyeza mpata wa pakati pa nsonga zake ndi feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mpata). Pa bore ya 86 mm yokhala ndi turbo, yapamwamba imafuna pafupifupi 0.45 mpaka 0.50 mm, yachiwiri yokulirapo pang'ono, ndipo pepala la wopanga mapisitoni ndilo lomaliza kuyankhula. Mpata ukachepa, ringi ikatentha imafutukuka, nsonga zake zimagundana, ndipo imang'amba pisitoni. Umapala mbali imodzi yokha, pang'onopang'ono, kulowera m'kati, n'kuchotsa tizitsulo totsalira. Ndi ntchito ya masana onse. Mpata wa mabelingi nawo uyezedwe, cha pa 0.05 mm.

Iye maso ali pa foni. "Koma pa YouTube amangomanga, madala." Zinandipweteka, kunena zoona. Sindinakwiyire iyeyo ayi, koma kuti mavidiyowo amaonetsa moto wotuluka ku ekizozi, osaonetsa munthu atawerama ndi fayilo. Mwana ali ndi chidwi chenicheni, ndipo chidwi chotere chimazirala msanga injini yoyamba ikanoka.

Za mafuta ndinachita kumulembera pa katoni yake yomweyo. Mahatchi (horsepower) 500 amafuna mainjekita a 750 cc kupita m'mwamba, kuti asamatseguke kuposa 85 peresenti ya nthawi. Pampu ya malita 255 pa ola ili m'malire, bola yokulirapo, yokhala ndi waya wakewake ndi relay. Petulo wathu kuno ndi wosakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi Chikwawa, choncho injini imamwa wochulukirapo, ndipo potchuna m'pofunika wideband (sensa ya ku ekizozi) n'kumawerenga lambda (muyezo wa kusakanikira kwa mpweya ndi petulo), pafupifupi 0.78 boost ikadzaza. Mapulagi ozizirirapo, a NGK nambala 7, mpata 0.7 mm, kuti moto usazime. Intercooler, yoziziritsa mpweya wochoka ku turbo, kutsogolo. Paipi yobweza oyilo kuchoka ku turbo ikhale yaikulu ndi yotsetsereka mpaka mu sampu, pamwamba pa mlingo wa oyilo. Ikangokhota n'kukwera, utsi wabuluu uyamba ndipo anthu aziti turbo ndi yakufa.

Wamvetsera, kapena wangokhala chete, sindinathe kusiyanitsa. Wafunsa mtengo wa mapisitoni ndi ma rod, nditamuuza anaimba kakhweru. Akuti mwina tiyambe ndi 0.4 bar pa injini momwe ilili. N'zotheka, bola pakhale kompyuta yotchunika yobweza timing m'mbuyo, koma ndikudziwa kuti dzanja lake lifika pa boost controller, chokwezera boost, sabata yoyamba.

Ndipo giyabokosi yake ndi ya otomatiki. Za imeneyo, za diff ndi za mabuleki sitinakambe n'komwe.